Lundazi, Ogasiti 1964: maliro amene sitinakhuze

Pa 21 Ogasiti chaka chilichonse mayiko amakumbukira anthu ophedwa ndi zigawenga. Tsikuli linakhazikitsidwa ndi bungwe la United Nations mu 2017, ndipo likafika ambiri amaganiza za kutali: Nairobi, kumene bomba linaphulika pa ofesi ya kazembe wa America mu 1998, kapena Cabo Delgado kwa anansi athu a ku Mozambique. Ine mtima wanga umangokwera basi ya ku Lundazi, makilomita osakwana 200 kuchokera muno mu Chipata. Kumeneko, mwezi womwewu mu 1964, kutangotsala miyezi iwiri ndi theka kuti mbendera ya Zambia ikwezedwe, anthu otunga madzi pa chitsime chimodzi anaphana.

Agogo anga aakazi ankangoti "chaka cha Lenshina". Ankasimba zogona kudimba masiku angapo, mwana kumsana, osasonkha moto kuopa kuti utsi ungawaulule. Ndikafunsa kuti ankathawa ndani, ankati, "Mdzukulu wanga, usiku munthu wonyamula mkondo sumufunsa mpingo."

Alice Mulenga Lenshina anali mayi wa ku Kasomo, pafupi ndi Chinsali. Mu 1953 anadwala mwakayakaya, ndipo atachira ananena kuti anakumana ndi Yesu amene anamutuma ntchito. Poyamba anali pansi pa mishoni ya Lubwa, koma pofika 1955 anali ndi mpingo wakewake wa Lumpa. Ankaletsa ufiti, mowa ndi mitala, ndipo anthu ankabwera kudzataya nyanga ndi zithumwa pamulu. Amayi makamaka anamukonda. Atumbuka, Asenga ndi Achewa a m'boma la Lundazi ankawoloka chigwa cha Luangwa wapansi kukabatizidwa, nabwerera akuimba nyimbo zake za Chibemba. Mu 1958 mpingowo unamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Kasomo, malo amene anawatcha Sione.

Chimene chinasokoneza zinthu, monga ndikuonera ine, ndi khadi la chipani. Chisankho cha 1962 chitatha, chipani cha UNIP, chotsogozedwa ndi Kenneth Kaunda, chinkafuna kuti mudzi uliwonse ulankhule ndi mawu amodzi pa nkhani ya ufulu, ndipo khadi ndilo linali chizindikiro. A Lumpa anauzidwa ndi atsogoleri awo kuti asiye ndale. Kwa mnyamata wa chipani amene anzake anamangidwa ndi atsamunda, wokana khadi anali wogulitsa mtundu. Kwa wa Lumpa, kumukakamiza khadi kunali kumupatutsa pa njira ya Mulungu. Matchalitchi a udzu anayamba kupsa, kenako nyumba, kenako nkhokwe. A Lumpa nawonso anabwezera. Nkhaniyi inalowa ngakhale m'banja la Kenneth Kaunda, amene anabadwira ku Lubwa komweko, poti mkulu wake Robert anakhalapo mu mpingo wa Lumpa.

Tsono mu 1963 a Lumpa anayamba kusamuka m'midzi nakamanga midzi yawoyawo yozingidwa ndi malinga a mitengo, popanda chilolezo cha mafumu. Wokulira m'tauni angaone ngati n'chinthu chaching'ono. Koma kwathu kuno malo amapereka ndi mfumu. Munthu akachoka pamudzi osatsazika wasiya manda a makolo, wasiya amalume amene amaweruza milandu ya mbumba, wasiya bwalo limene mkangano umathera ndi nkhuku imodzi. M'kati mwa linga munthu ankamva mawu a mbali imodzi yokha, usana ndi usiku, ndipo mantha a mmodzi ankakhala a onse. Kunja kwa linga n'chimodzimodzi: mphekesera zinkakula popanda wina wobwera kudzati, "Iyayi, ndinali nawo dzulo, akupeta mawere basi." Mlamu wako amene munkamwera limodzi thobwa anasanduka "awo".

Kaunda, amene panthawiyo anali nduna yaikulu, analamula kuti midziyo iphwasulidwe pofika pa 20 Julaye 1964. Pa 24 Julaye apolisi awiri anaphedwa pa mudzi wa a Lumpa wa Chapaula ku Chinsali. Pa 30 Julaye asilikali anathira nkhondo Sione ndi mfuti zamakono, a Lumpa ali ndi mikondo, nkhwangwa, mauta ndi gogodela zochepa, ndipo anafa ambiri. Uthenga unawoloka Luangwa msanga. M'bandakucha wa pa 3 Ogasiti gulu la a Lumpa linalowa pa boma la Lundazi, linalanda polisi ndi kutenga mfuti, ndi kupha anthu m'tauni ndi m'midzi yozungulira. Ofa amawerengedwa pafupifupi 150, ambiri a iwo anthu wamba odzidzimutsidwa ali m'tulo. Palibe chifukwa chimene chingayeretse zimenezi, ndipo amene anataya abale usiku umenewo ali ndi ufulu wonse wokwiya mpaka lero. Tsiku lomwelo mpingo wa Lumpa unaletsedwa. Asilikali anakantha linga la a Lumpa la Chipoma pafupi ndi Lundazi napha anthu oposa 80.

Zimene zinachitika pa 7 Ogasiti ndizo sizikambidwa kawirikawiri. Pa mudzi wa a Lumpa wa Paishuko, m'dera la Asenga, anthu a m'midzi yoyandikana anapha anthu 46, kuphatikizapo amayi ndi ana. Sanali asilikali akunja. Anali anthu odziwa kuti mwana uyu ndi wa nyumba iti.

Zolembedwa za nthawi imeneyo ndimaziwerenga mosamala. Manyuzipepala a azungu anakonda kwambiri nkhani yoti a Lumpa ankakhulupirira kuti zipolopolo zisanduka madzi. Mwina ena ankaterodi, koma nkhani yotere imathandizanso wowombera kugona tulo. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza limene linatulutsa lipoti mu 1965, ndipo chiwerengero cha boma cha ofa onse, ku Chinsali ndi ku Lundazi, chili pafupifupi 700. Lipotilo ndi lofunika, koma linalembedwa pansi pa boma la chipani chimene chinali mbali imodzi ya mkanganowo. Akatswiri a mbiri amene anadzafufuza pambuyo pake amati ofa anaposa 1,000, poganizira amene anafera m'tchire ndi njala ndi mabala akuthawa. Ine ndimapendekera kwa iwowa, chifukwa wofera m'chigwa cha Luangwa mwezi wa Ogasiti sakhala ndi womuwerenga.

Lenshina anadzipereka kwa boma pa 11 Ogasiti. Otsatira ake zikwi zambiri anathawira ku Congo. Iye anasungidwa popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1975, namwalira ku Chilenje mu Lusaka pa 7 Disembala 1978. Malamulo a nthawi ya ngozi amene analengezedwa mu Julaye 1964 chifukwa cha nkhondoyi sanachotsedwe mpaka 1991.

Agogo anali ndi msuweni wawo amene analowa m'linga ndi ana ake awiri. Sanabwerere, ndipo pamudzi sipanachitike maliro, chifukwa chaka chimenecho kulira wa Lumpa kunali kudziitanira moto padenga. Dzina lake ankalitchula motsitsa mawu, ngakhale patapita zaka makumi atatu, tili awiri tokha pakhonde tikusenda nthochi.