Ayi, chilala sichinathe mtundu wa Amaya

Ndatopa nayo nkhani imene yakhala ikuzungulira kwa zaka zambiri, yoti Amaya a ku Central America anafa onse mwadzidzidzi mvula italeka kugwa. Sizinatero.

Chilala chinalikodi. Matope a pansi pa nyanja ya Chichancanab ku Yucatán, m'dziko la Mexico, komanso miyala yomera m'mapanga, zimasonyeza kuti pakati pa zaka za 800 ndi 1000 mvula inkavuta mobwerezabwereza. Mizinda ikuluikulu ya kum'mwera, monga Tikal ku Guatemala ndi Copán ku Honduras, inasanduka mabwinja. Koma zimenezi zinatenga zaka zoposa 100, ndipo nkhondo za mafumu ndi kudula nkhalango zinawonjezera mavutowo. Anthu ambiri anasamuka, monga aliyense wodalira chimanga amachitira njala ikakula. Nthawi yomweyo, kumpoto, mzinda wa Chichén Itzá unali kutukuka. Ufumu womaliza wa Amaya, mumzinda wa Nojpetén ku Guatemala, unagonja kwa Asipanya mu 1697.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bodzali limakwirira anthu amoyo. Lero Amaya alipo mamiliyoni ku Guatemala, Mexico ndi Belize, ndipo amalankhula zilankhulo pafupifupi 30.

Mukalandira nkhani yotere pafoni, musafulumire kuitumiza kwa anzanu. Onani ngati ikutchula malo ndi zaka, ngati ikunena komwe umboni wachokera, ndiponso ngati mabuku a mbiri yakale akugwirizana nayo. Ya Amayayi n'njosavuta kuitsimikizira: lembani mawu oti K'iche' (chimodzi mwa zilankhulo za Amaya) pa intaneti, mudzamva nokha anthu akucheza m'chilankhulo chawo.