Theka likamafanana ndi chonse

Ana anga a fomu 3 kuno ku Mulanje amaona ngati infinity, kutanthauza kuchuluka kosatha, ndi nambala inayake yaikulu zedi, mwina biliyoni kuchulukitsa ndi biliyoni. Ayi ndithu, iliyonse mungatchule ine ndingowonjezerapo 1 basi mwagonja kale. Koma izi nzapafupi, zozunguza mutu zikubwera.

Kapitawo wa ku esiteti ya tiyi atha kudziwa kuti madengu ndi ofanana ndi anthu othyola osawerenga nkomwe, angoona kuti aliyense wabereka lake, palibe waima chimanjamanja komanso palibe dengu latsala pansi. Masamu a zinthu zosatha amayendera pomwepo, kugwirizanitsa chimodzi ndi chimodzi. Ndiye tengani manambala onse 1, 2, 3 mpakana kalekale, mbali inayi muike ma even okha, aja ogawika ndi 2, 1 mumpatse 2, 2 mumpatse 4, 50 atenge 100, mudzingopita choncho simudzapeza wotsala. Ndi ofanana kuchuluka kwake, chikhalirecho ma odd onse, 1, 3, 5 ndi anzawo, tawataya! Galileo, katswiri wa sayansi wa ku Italy, anaziona izi mu 1638 pa manambala ngati 1, 4, 9, 16 ndipo anangoti pa zinthu zosatha nkhani ya chachikulu ndi chaching'ono siigwira. Kwa ine mkuluyu anathawa msanga.

Amene analimba mtima ndi Georg Cantor wa ku Germany, mu 1874 anaonetsa kuti ma infinity ena amaposa anzawo, ndipo njira yake ya mu 1891 ndi imene ndimaikonda chifukwa ingofuna choko basi. Munene kuti mwalemba mndandanda wa manambala onse a pakati pa 0 ndi 1, aja a ma poyinti osatha ngati 0.3333... Ine ndipanga yanga. Pa nambala yanu yoyamba ndisintha dijiti yoyamba, pa yachiwiri ndisintha dijiti yachiwiri, pa ya 1000 ndisintha ya 1000, mpakana pansi, ndipo ma dijiti osinthidwawo ndiwo apanga nambala yanga. Yangayo yasiyana ndi iliyonse ya pa mndandanda wanu penapake, ndiye kuti munaisiya, ndipo mukaiwonjezera ndipanganso ina. Kampata kakang'ono ka 0 mpaka 1 kali ndi manambala ambiri kuposa 1, 2, 3 onse aja.

Nanga pakati pa ma infinity awiriwa pali ina? Cantor anavutika nalo funsoli mpaka anamwalira mu 1918. Akatswiri a masamu Kurt Gödel mu 1940 ndi Paul Cohen mu 1963 anadzaonetsa kuti ndi malamulo a masamu amene timagwiritsa ntchitowa sizitheka kutsimikiza kuti ilipo, komanso sizitheka kutsimikiza kuti palibe.