Thandizo lidawoloka malire pamodzi ndi othawa nkhondo

Amene adali ku Nsanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amakumbukira nthawi yomwe alendo adachuluka kuposa eni dera. Nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo, itafika povuta mu 1986, anthu a ku Mutarara ndi Morrumbala m'dzikolo adakhamukira kuno, ena pabwato, ena wapansi kudzera ku Marka. Kuwatcha alendo n'kungonena chabe. Ambiri adali Asena, abale a anthu a konkuno, ndipo oyambirira adafikira m'makomo mwa achibale misasa isadakhazikike ku Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Pofika 1992, othawa nkhondo m'Malawi muno adaposa miliyoni imodzi.

Mabungwe a United Nations, la UNHCR loona za othawa kwawo ndi la WFP loona za chakudya, adabweretsa ufa, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mtedzawo musaupeputse. Utasowa mu 1990, anthu oposa 18,000 m'misasa ya m'dziko muno adadwala pellagra, nthenda yosupula khungu imene imagwira munthu wodalira chimanga chokhachokha. Mijigo ndi zipatala za m'misasa zidathandizanso eni mudzi, koma mitengo ndiyo idalipira. Khamu lonselo linkafuna nkhuni ndi milimo, ndipo nkhalango zoyandikana ndi misasa zidatha psiti.

Pa 4 October 1992, pulezidenti wa Mozambique wa nthawiyo Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama adasayina pangano la mtendere ku Rome. Anthu ambiri sadadikire n'komwe malole a UNHCR, adangosenza katundu n'kubwerera okha. Maso a opereka thandizo adawatsata. Ndalama zidapita kokachotsa mabomba okwirira pansi, kogula makasu ndi mbewu, komanganso sukulu zomwe zidatenthedwa, ndi kuchisankho cha ku Mozambique cha 1994. Palibe angadandaule nazo zimenezo, nkhondo idali kwawoko. Chimene chimawawa n'choti chigwa cha Shire chomwe chidasunga anthuwo chidavulala nawo, koma pogawa za kumanganso sichidawerengedwe mokwanira.

Taonani njanji. Sitima ya ku Beira inkadutsa pa Nsanje n'kukawoloka Zambezi pamlatho wa Dona Ana, womwe Renamo idauphulitsa mu 1986. Mu 1995 mlathowo udakonzedwa ndi ndalama za America, koma kuti pazidutsa galimoto. Njanji ya Sena, yochokera ku Beira, itadzakonzedwa pambuyo pake ndi ngongole ya World Bank, cholinga chachikulu chidali malasha a ku Moatize, ndipo nthambi yolowa kuno idatsala m'thengo zaka zambirimbiri. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo, n'kutsekanso njira yochokera ku Limbe.