Amene adakupatsani chaka chatha, aperekanso angati?

Chiyambire Januwale 2025, pamene boma la America lidaimitsa thandizo lopita kumaiko ena, n'kudzatsekanso bungwe la USAID, limene linkagawa thandizolo, mu Julayi chaka chomwecho, ntchito yanga yoona mabuku a ndalama m'mabungwe ang'onoang'ono kuno ku Harare yasintha nkhope. Kale ankandiitana kuti ndiwongole mabuku lipoti lisanapite kwa eni ndalama. Lero, kaya ndi ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth, funso ndi limodzi: ndalama tizipeza kuti? Ambiri mwa mabungwe amenewa sankalandira molunjika kuchokera ku America. Ankagawiridwa ndi mabungwe akuluakulu, ndiye akuluwo atauma, ang'onowa ndi amene adayamba kuchotsedwa pa bajeti.

Tsopano aliyense ali pa kompyuta, kulemba zikalata zopempha thandizo kumakampani ndi kumaofesi a akazembe. Lembani, sindikukuletsani. Koma musanatumize chikalata china, khalani pansi ndi msungichuma, mulembe mayina a onse amene adakupatsani kanthu chaka chatha, kaya madola asanu, thumba la ufa, kaya galimoto yonyamula ana. Kenako chongani amene aperekanso chaka chino. Nambala imene mupezeyo ndi imene ikuuzeni ngati bungwe lanu lili ndi mawa.

Ku America, komwe zinthu zoterezi amaziwerenga chaka ndi chaka, a Fundraising Effectiveness Project amapeza kuti mwa anthu onse opereka, obwereranso chaka chotsatira sakwana theka, ndipo mwa opereka koyamba amabwerera pafupifupi mmodzi pa asanu aliwonse. Tiyeni tiwerengere zathu mongoyerekeza. Muli ndi anthu 40, aliyense amapereka $5 pamwezi. Ndi $200 pamwezi, $2,400 pachaka. Theka akachoka, mukuyenera kupeza anthu 20 atsopano kuti mungokhala pomwe mudali. Ndipo munthu watsopano ndi wodula: mumuyendere, mumufotokozere, akukayikireni, mumuyenderenso. Wakale uja amakudziwani kale, adatsegula kale chikwama chake. Chimene akufuna n'chakuti mumuuze zomwe ndalama yake idachita.

Anthu akasiya kupereka timathamangira kunena kuti zinthu zavuta, dola ikusowa. Zoona, ikusowa. Koma amene ndimacheza nawo nthawi zambiri amadandaula za china: adatumiza ndalama, kenako zii. Lisiti ayi, zikomo ayi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, uthenga wina wopempha wafika.

Makolo athu amene adabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi adatisiyira masosaite a maliro, ndipo ena akuyendabe mpaka lero popanda mzungu wowapatsa ndalama. Taonani mmene amachitira. Buku limatsegulidwa poyera, dzina la wopereka limatchulidwa, ndalama imawerengedwa anthu akuona, ndipo pakagwa zovuta aliyense amaona ndi maso ake bokosi, basi ndi chakudya. Munthu amapereka mwezi ndi mwezi chifukwa akudziwa kuti kupatsa n'kuika. Bungwe lanu losamalira ana amasiye kapena odwala silingalonjeze wopereka bokosi, koma lingamupatse zinazo: dzina lake lidziwike, ndalama yake iwerengedwe poyera, ntchito yake ioneke.

Yambani ndi zikomo. Asapitirire masiku awiri. Asakhale uthenga umodzi woponyedwa pagulu la WhatsApp kuti "tikuthokoza nonse", koma wopita kwa munthuyo payekha, wotchula dzina lake, ndalama imene wapereka ndi ntchito imene ikagwire. Kwa agogo amene kuwerenga kumawavuta, jambulani mawu, ndipo muwalankhule m'chilankhulo chimene amapempherera, Chichewa kapena Chishona. Wapampando akaimba yekha lamya, mphindi ziwiri zokha, osapemphapo kanthu kena, munthu saiwala. Lisiti likhale ndi nambala, ngakhale ndalamayo ndi dola imodzi.

Pa nkhani ya ndalama yeniyeniyo ndichedwepo, chifukwa kuno ku Zimbabwe tili ndi bala lathu. Anthu adaona ndalama zawo zikusanduka mapepala mu 2008. Adaonanso mu 2019 madola awo a kubanki akutchedwa RTGS, ndalama ya kuno yosafanananso ndi dola ya America. ZiG, ndalama yatsopano ya dziko lino, idabwera mu Epulo 2024, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho idatsitsidwa mphamvu ndi zoposa 40 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene wadutsa m'zonsezi akamakufunsani mafunso ambiri sikuti akukunyozani. Choncho lembani ndalama m'mtundu umene yabwerera. Wapereka madola a America, lisiti linene madola, lipoti linenenso madola. Wapereka ZiG kapena marandi, lembani choncho. Mukasintha ndalama, lembani tsiku ndi mtengo umene mwasinthira, apo ayi pakutha pa chaka buku silidzagwirizana ndipo msungichuma adzaoneka wakuba pamene sadabe. ZiG yogulira ufa musaigoneke mwezi wathunthu podikira msonkhano wa komiti. Gwirizanani pasadakhale kuti ikangokwana, ufa ugulidwe.

Palinso zodulidwa panjira. Ndalama yodutsa pa EcoCash, pa InnBucks kapena kubanki imasiya kanthu m'njira, ndipo msonkho wa potumiza ndalama, umene udakwezedwa kufika 2 peresenti mu Okutobala 2018, udatiphunzitsa tonse kuwerenga bwino. Muuzeni wopereka kuti mwa zimene adatumiza zafika zakuti. Wachibale wa ku Johannesburg kapena ku Leeds akatumiza pa Mukuru, ndalamayo imatuluka m'dzina la munthu. Ikalandiridwa iwerengedwe ndi anthu awiri, ilembedwe tsiku lomwelo, ndipo chithunzi cha lisiti chipite kwa mwini wake dzuwa lisanalowe. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kusonkhetsa ndalama za bungwe pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, momwe mukulowanso za renti yake ndi za ana ake. Munthuyo angakhale wokhulupirika chotani, tsiku lina adzalephera kusiyanitsa, ndipo miseche ikayamba kutchalitchi simungaizimitse ndi lipoti. N'chimodzimodzi ndi mndandanda wa opereka: usakhale m'foni ya mlembi yekha. Iye akakwera basi kupita ku Joni, anthu anu onse apita naye.

Ndalama yopatsidwa dzina imakhala ndi dzina lomwelo. Wina akanena kuti iyi ndi ya fizi ya ana, ndi ya fizi basi. Pakagwa maliro kapena denga likasasuka, imbani kaye, mupemphe chilolezo chosinthira. Ambiri amavomera, ena amaonjezeranso. Chimene sakhululuka ndi kudzamva kwa anthu ena.

Lipoti la kwa munthu wamba lisakhale la masamba khumi. Mizere isanu pakatha miyezi itatu iliyonse yakwana: tidalandira zakuti, tidagula zakuti, ana akuti ali pasukulu, ichi chidakanika pa chifukwa chakuti. Cholepherekacho musachibise, ndi chimene chimapangitsa kuti zinazo zikhulupiridwe. Ndipo musamaname kuti ndalama yonse imapita kwa ana. Kombi imalipiridwa, bandulo ya intaneti imagulidwa, chipinda chili ndi renti, amayi oyendera odwala nawonso amadya. Nenani poyera kuti pa madola khumi aliwonse, akuti amayendetsa ntchito. Za zithunzi, chonde. Mwana wovala nsanza akulira angabweretse ndalama sabata ino, koma chithunzicho chidzakhalabe pa Facebook iye atakula. Pemphani chilolezo kwa omusamalira, ndipo za matenda a munthu musaziulule. Chithunzi cha lisiti la sukulu ndi nsapato zatsopano chimagwira ntchito yomweyo.

Nthawi yopempha nayo ili ndi nzeru zake. Sukulu zimatsegulira mu Januwale, Meyi ndi Seputembala, ndipo m'masiku amenewo opereka anu nawonso akusakasaka fizi ya ana awo. Ngati mumalipirira ana sukulu, sonkhetsani mwezi umodzi kapena iwiri zisanatsegulidwe. Januwale ndiye osayerekeza. Ndimakonda kuti munthu alonjeze kochepa mwezi uliwonse kusiyana ndi kochuluka kamodzi, chifukwa ndi kochepako mungalembe bajeti. Tchulani nambala popempha. "Chilichonse chimene mungakwanitse" chimamusiya munthu ali njenjenje, koma "$3 pamwezi" amayankha inde kapena ayi. Wina akadumpha miyezi iwiri, muimbireni ngati mbale, mufunse za kunyumba. Mwina ntchito yatha, mwina mwagwa matenda. Mchitidwe woika pagulu mayina a amene sadapereke umabweretsa ndalama ya manyazi kamodzi, kenako munthuyo amatuluka pagulupo. Amene alibe ndalama chaka chino musamufufute, mpatseni ntchito ina, kaya kuphika, kaya kuyendera odwala, ndipo lipoti lizimufikabe.

Chotsala ndi lamulo. Lamulo la Private Voluntary Organisations, loyang'anira mabungwe achifundo omwe si aboma, lidasinthidwa mu Epulo 2025, boma likunena kuti likufuna kutseka njira zozembetsera ndalama. Kusinthako kukukhudzanso mabungwe amene adalembetsa ngati ma trust ku Deeds Office, ngati amagwira ntchito zachifundo ndi ndalama zosonkhetsa kwa anthu kapena zochokera kunja. Ngati bungwe lanu lidayamba ngati kagulu ka amayi a Chigwirizano kapena ka achinyamata a pampingo, ndipo tsopano likulandira ndalama kuchokera kunja kwa mpingowo, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'dera lanu kapena kwa loya, mufunse komwe mukuima. Lembani gwero la ndalama iliyonse yaikulu, dzina ndi dziko. Kampani kapena bungwe lakunja lisanakupatseni kanthu lidzafuna kuona satifiketi yolembetsera, malamulo oyendetsera bungwe, mayina a komiti ndi mabuku a chaka chatha, choncho zinayi zimenezi zijambuleni, zikhale pa kompyuta ya bungwe ndiponso m'manja mwa anthu osachepera awiri.