Marsabit: phiri la madzi pakati pa chipululu

Ukachoka ku Isiolo kulowera kumpoto kwa Kenya, umayenda maola angapo m'dziko la miyala yakuda ndi mitengo yaminga, kenaka kutsogolo kumatulukira phiri lobiriwira. Ameneyo ndiye Marsabit. M'mawa phirili limafunda nkhungu, ndipo chinyezi chakecho ndicho chimasunga nkhalango ndi akasupe. Aliyense wa ziweto m'chigawocho, chilala chikavuta, maso amakhala kuphiriko.

Aborana amaweta ng'ombe m'mphepete mwa phiri. Agabra ndi Arendille ndi anthu a ngamila, amakhala kuchigwa kouma, cha ku chipululu cha Chalbi ndi Kaisut. Khasu linabwera ndi Aburji, alimi ochokera kummwera kwa Ethiopia, omwe atsamunda a ku Britain anawalimbikitsa kulima chimanga ndi nyemba paphiripo kuti boma lipeze chakudya. Pali zitsime zina zakuya moti amuna amaima m'ndandanda mkati mwake, kupatsirana zotungira uku akuimba, ng'ombe zikudikira pamwamba.

Chondidabwitsa n'chakuti mkangano woopsa kwambiri uli pakati pa Aborana ndi Agabra, anthu olankhula chinenero chimodzi, omwe makolo awo ankamwetsa ziweto pazitsime zomwezo motsatira malamulo a akuluakulu. Kulandana ziweto kunalipo kuyambira kale, koma malire a maboma ndi mipando ya aphungu zitabwera, chitsime chinayamba kukhala ndi mtundu wake, ndipo mfuti zodutsa m'malire a Ethiopia zinalowa m'malo mwa mikondo.

Pa 12 July 2005 anthu a mfuti anaukira mudzi wa Agabra wa Turbi mbandakucha. Anapha anthu oposa 50, ena mwa iwo ana asukulu. Chaka chotsatira, pa 10 April, atsogoleri a mitundu yodanayo anakwera ndege imodzi ya asilikali kuchokera ku Nairobi kupita kumsonkhano wa mtendere. Ndegeyo inaomba phiri pafupi ndi tauni ya Marsabit m'nkhungu yomweyi, ndipo anthu 14 anafa, kuphatikizapo Bonaya Godana, phungu wa North Horr yemwe anakhalapo nduna yoona za ubale ndi maiko ena.

Lero msewu wa tala unafika mpaka ku Moyale, tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, malonda akuyenda. Kuyambira 2013 dera la Marsabit limasankha bwanamkubwa wake, ndipo mpandowo nawo unasanduka chokanganirana. Mu 2022 boma linachita kuletsa anthu kuyenda usiku m'deralo chifukwa kuphana kunali kutafika m'misewu ya m'tauni.