Chikweza cha ayezi cha ku Antarctica ndi anthu amene anachikwera

Pakatikati pa Antarctica palibe mtengo, palibe mtsinje, phiri silioneka. Pali chikweza chachikulu cha ayezi, chosalala mbali zonse, chokwera mamita pafupifupi 3,000 kuchokera panyanja. Kukwerako si kwa miyala ayi. Munthu akaima pa South Pole, malo a kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, pansi pa mapazi ake pali ayezi wochindikala mamita pafupifupi 2,700. Mpweya ndi wochepa moti munthu amapuma wefuwefu atangokoka katundu pang'ono, ndipo chipale chimagwa chochepa kwambiri, n'chifukwa chake malowa amawerengedwa ngati chipululu.

Wochokera kunyanja ya Ross Sea amayenera kudutsa mapiri a Transantarctic, ndipo njira zake ndi ayezi amene amatsetsereka pang'onopang'ono pakati pa mapiriwo, wodzaza ming'alu yokwiririka ndi chipale. Gulu la Robert Falcon Scott linasuzumirako mu 1903. Koma amene analowa mkati mwenimweni ndi Ernest Shackleton, yemwe mu Disembala 1908 anakwera kudzera pa njira ya ayezi ya Beardmore ndi anzake atatu. Ali mkati mokwera, hatchi yawo yomaliza, Socks, inagwera mumng'alu osaonekanso, pomwe ndiyo inali nyama imene ankadalira kudzadya. Anakoka okha katundu, njala ikuwaluma, mitu ikuwawa ndi kukwera kwa malowo. Pa 9 Januwale 1909, kutatsala makilomita pafupifupi 180 kuti afike pa South Pole, Shackleton analamula kuti abwerere. Ine ndimaona kuti pa mbiri yonseyi palibe chosankha cholimba mtima kuposa chimenechi. Anasiya ulemu uli pafupi, ndipo onse anayi anafika kunyanja amoyo. Chikwezacho anachitcha dzina la mfumu yawo ya ku Britain, Edward VII.

Roald Amundsen wa ku Norway anabwera ndi agalu 52 n'kupeza njira yake, ya Axel Heiberg. Atafika pamwamba anapha agalu 24 kuti adyetse otsalawo komanso anthu. Zimawawa kumva, komatu anali atakonzeratu zimenezo asananyamuke. Anafika pa South Pole pa 14 Disembala 1911, nayenso n'kupereka dzina la mfumu yakwawo, Haakon VII. Malo amodzi anakhala ndi mayina awiri. Scott anafika pa 17 Januwale 1912 n'kupeza tenti ndi mbendera ya Norway, ndipo iye ndi anzake anayi anafera m'njira pobwerera.

Kulimbirana mayina kunakula n'kukhala kulimbirana malo, mpaka mayiko 7 anadzigawira zigawo za Antarctica pamapu. Pangano la mu 1959, limene mayiko 12 anasainira ku Washington, linaimitsa mkanganowo n'kuletsa ntchito zankhondo kumeneko.

Masiku ano amene amakhala pachikwezapo ndi akatswiri a sayansi. Amereka ali pa South Pole kuyambira mu 1956. Pa siteshoni ya Vostok, imene a Soviet Union anatsegula mu 1957, panazizira kufika madigiri -89.2 pa 21 Julayi 1983. Pa Dome C, pomwe France ndi Italy ali ndi siteshoni ya Concordia, anaboola ayezi makilomita oposa atatu n'kutulutsa timpweya totsekeredwa mkati, tosonyeza mmene nyengo ya dziko yasinthira pa zaka 800,000. Pamwamba penipeni, pa Dome A, mamita oposa 4,000, anthu anafikapo koyamba mu 2005. Linali gulu la ku China.