Kupuma pantchito zaka zisanakwane: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya penshoni

Chiyambireni kugwira ntchito lamulo latsopano la penshoni mu Epulo 2023, nkhani yopuma msanga sikutha m'kamwa mwa anthu. Imakambidwa m'maofesi nthawi ya nkhomaliro, m'zipinda za aphunzitsi, ngakhale m'minibasi poweruka. Ena atopa, ena akudwaladwala, ena maso ali pa ndalama ya nthawi imodzi yomwe akuti idzawamalizitsa nyumba. Maganizo anga sindibisa: munthu asapume chifukwa chokopeka ndi kukula kwa ndalama yoyamba ija. Apume pokhapokha atadziwa chimene azidya mwezi ndi mwezi kwa zaka 20 kapena 30 zikubwerazo.

Kodi lamulo limalola munthu kupuma ali ndi zaka zingati?

Zaka zochepetsetsa ndi 50. Koma malo aliwonse antchito amaika zaka zawozawo zopumira, ena 55, ena 60, ndipo m'boma ndi 60. Tikamati kupuma msanga tikunena kuchoka musanafike pa zaka zimene abwana anu anaika. Pali makomo enanso: kugwira ntchito zaka 20 mosalekeza pamalo amodzi, kudwala mpaka dokotala kutsimikiza kuti simungathenso kugwira ntchito, ndi kusamuka m'dziko muno kotheratu. Khomo limene likukukhudzani lalembedwa m'malamulo a ntchito yanu ndi m'malamulo a thumba la penshoni lomwe mumasonkhako. Apempheni kuofesi yoona za ogwira ntchito, muwawerenge nokha. Zimene anachitiridwa mnzanu wa kampani ina sizitanthauza kuti inunso mudzachitiridwa zomwezo.

Ndikapuma, andipatsa ndalama zanga zonse nthawi imodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Lamulo lakale, lomwe linayamba mu 2011, linkalola munthu kutenga 40 peresenti nthawi imodzi. Latsopanoli linakweza kufika pa 50 peresenti. Theka linalo limasanduka malipiro a mwezi ndi mwezi. Amene amapatsidwa zonse pakamodzi ndi okhawo amene ndalama zawo ndi zochepa, zosafika pa malire omwe amaikidwa ndi mkulu woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi.

Theka lotsalalo lili ndi njira ziwiri. Yoyamba amaitcha annuity: mumapereka ndalamazo ku kampani ya inshulansi ya moyo, ndipo iyo imalonjeza kukulipirani mwezi uliwonse mpaka tsiku lomwalira. Yachiwiri amaitcha programmed withdrawal: ndalama zimakhalabe m'thumba zikupindula, inu mukutapamo pang'onopang'ono. Ubwino wa yachiwiriyi ndi wakuti zotsala zimapita kwa ana kapena aliyense amene munamulemba, koma ikhoza kuuma inu mukadali moyo. Njira zonse ziwirizi zimamupweteka wopuma msanga m'malo amodzi. Munthu wa zaka 50 akuyembekezeka kulandira zaka zambiri kuposa wa zaka 60, choncho ndalama yomweyo imagawidwa m'miyezi yochuluka, ndipo ya pamwezi imachepa.

Nanga ndikutaya chiyani kwenikweni, poti ndalamazo ndi zanga kale?

Zimene zili m'thumba ndi zanu, palibe akulandani. Zimene mukutaya ndi zomwe zikanalowamo. Lamulo limati wolemba ntchito azisonkha ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Tiyerekeze mumalandira K800,000 pamwezi. Inu mumasonkha K40,000, abwana K80,000, zonse K120,000. Pachaka ndi K1,440,000. Mukapuma pa zaka 50 m'malo mwa 60, mwasiya K14,400,000 yomwe ikanalowa m'thumba lanu, osawerengera phindu lake kapena kukwera kwa malipiro. Pa ndalama imeneyi, K9,600,000 ikanachokera m'thumba la abwana. Imeneyo ndiyo imandiwawa ine, chifukwa palibe bizinesi imene ingakupatseni mphatso yotere mwezi uliwonse.

Kumbukiraninso kuti zaka zomaliza ndi zimene munthu amalandira malipiro okwera kuposa zaka zonse za moyo wake, ndipo ndi pamene thumba limakhala litakula moti phindu la chaka chimodzi limaoneka. Kuchoka nthawi imeneyi kuli ngati kukolola chimanga chili dowe: mudya ndithu, koma nkhokwe siidzadza.

Pali zina zomwe sizioneka pa pepala la malipiro. Lamulo limakakamiza wolemba ntchito kukulembetsani inshulansi ya moyo yokwana malipiro anu a chaka chimodzi, yoti banja lanu lilandire mutamwalira muli pantchito. Imeneyi imatha tsiku lomwe mwatsanzika. Ngati kampani imakulipirirani sikimu ya chipatala, monga ya MASM, funsani ngati ipitirira. Kawirikawiri imatha, kapena mumauzidwa kuti muzilipira yonse nokha, pa msinkhu umene shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kugogoda. Kwa amene amakhala m'nyumba ya kampani kapena ya sukulu, lendi imayamba mwezi wotsatira.

Koma kwacha ikugwa mphamvu tsiku ndi tsiku. Sikwabwino kutenga ndalamazo panopa zisanasanduke zopanda ntchito?

Funso ili ndi lolemera ndipo amene amalifunsa sakulakwa. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mu 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kunkazungulira pa 30 peresenti pachaka, kutanthauza kuti chinthu cha K10,000 chimadutsa K20,000 zaka zitatu zisanathe. Aliyense amene anagula thumba la simenti kapena la feteleza m'zaka zimenezi akudziwa.

Komatu kukwera mitengo komweko kumaluma wopuma kuposa wogwira ntchito. Amene ali pantchito malipiro ake amaunikidwako, ngakhale mochedwa ndiponso mosakwanira, ndipo ali ndi bungwe la apantchito lomulankhulira. Wopuma amene anasankha annuity yosakwera amalandira nambala yomweyomweyo chaka ndi chaka, pamene shuga, sopo ndi mafuta ophikira zikuthawa. Ndalama zili m'thumba la penshoni sizingokhala phee. Oyendetsa thumba amaziika m'masheya a pa Malawi Stock Exchange, m'ngongole zobwereketsa boma ndi m'nyumba za malonda, ndipo phindu lake limalembedwa pa dzina lanu. Funsani phindu lomwe thumba lanu lapereka zaka zisanu zapitazi, muliyerekeze ndi kukwera kwa mitengo. Ngati mukudziwa poika ndalama pomwe padzapose pamenepo, mfundo yanu yagwira. Ngati ndalamayo ikangokhala ku akaunti mukutapamo, kwacha idzakupezani komweko.

Ndikufuna kuyamba bizinesi ndidakali ndi mphamvu. Kodi nchifukwa chosakwanira chimenechi?

Nchokwanira ngati bizinesiyo ilipo kale. Ndikutanthauza yoti mwaiyendetsa zaka zingapo muli pantchito, muli ndi kabuku ka zolowa ndi zotuluka, ndipo mukudziwa mwezi umene imapindula ndi mwezi umene imadya mpamba. Munthu wotere akapuma amapita kukakulitsa chinthu chimene akuchidziwa.

Choopsa ndi kuphunzirira bizinesi pa ndalama ya penshoni. Nkhani yake imayenda mofanana m'matauni athu onse. Bambo walandira ndalama, wagula minibasi yakale. Miyezi yoyamba dalaivala akubweretsa ndalama madzulo aliwonse, zikuoneka zabwino. Kenako injini yagogoda, matayala atha, inshulansi yatha, mafuta asowa pa filing'i siteshoni, ndipo galimoto ija yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake. Wina watsegula golosale, koma theka la katundu latuluka pa ngongole kwa achibale omwe sangawakanize. Wina wamanga khola la nkhuku osawerengera mtengo wa chakudya chake. Anthu amenewa si opusa. Anali akatswiri pa ntchito zawo, kungoti malonda ndi ntchito inanso yofuna kuiphunzira, ndipo pa zaka 55 sipakhala malipiro a mwezi wamawa oti akudzutseni mukagwa.

Onjezanipo achibale. Mbiri yoti mwalandira imafika kumudzi ndalama isanalowe n'komwe ku banki. Fizi ya mwana wa achemwali, malata a nyumba ya amayi, maliro, chinkhoswe. Zambiri mwa izi ndi zoyenera, ndipo simudzazikana. Ziwerengereni pasadakhale, muike malire mogwirizana ndi akunyumba kwanu.

Vuto langa ndi nyumba yosatha. Palibe njira yopezera ndalamazo osasiya ntchito?

Ilipo, ndipo ambiri sakuidziwa. Lamulo la 2023 limalola munthu amene watsala ndi zaka zisanu kapena kucheperapo kuti apume kutapako mpaka theka la ndalama zake akadali pantchito. Izi zingathandize munthu kukonza pokhala asanatsanzike. Malipiro amapitirira, abwana amasonkhabe, sikimu ya chipatala ilipobe. Dziwani chabe kuti ndalamayo ikuchoka m'thumba lanu lomwelo, choncho musadzayembekezere kuipezanso tsiku lopuma. Kwa munthu amene chomukankha ndi denga ndi mawindo basi, njira iyi ndi yabwino kutalitali kuposa kulemba kalata yopuma.

Bwanji ndingosiya ntchito, ndidikire miyezi itatu ija, nditenge zanga?

Kusiya ntchito, kupuma ndi kuchotsedwa chifukwa chochepetsa antchito ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ndalama zake ndi zosiyana. Nzoona kuti amene ntchito yamuthera ndipo sanapeze ina tsopano amadikira miyezi itatu, pamene kale inali isanu ndi umodzi. Koma khomo limeneli linatsegulidwa kuti munthu asafe ndi njala pofunafuna ntchito ina, ndipo silitulutsa thumba lonse. Musanalidalire, funsani kuti ndi gawo liti lomwe mungapatsidwe.

Ngati pakumveka mphekesera zoti kampani ichepetsa antchito, dekhani kaye. Wochotsedwa mwanjira imeneyi amalandira ndalama ya chipukutamisozi, ija amati severance, pamwamba pa penshoni yake: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa zaka zisanu zotsatira, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kuposera apo. Wosiya yekha salandira zimenezi. Kupsa mtima ndi abwana Lachisanu n'kupereka kalata Lolemba kungakutayitseni malipiro a miyezi yambiri.

Ine ndine wa m'boma. Zonsezi zikundikhudza?

Zimatengera gulu lomwe muli. Mu 2017 boma linakhazikitsa thumba la Public Service Pension Trust Fund, ndipo amene anali ndi zaka 35 kutsika m'munsi pa nthawiyo analowa m'dongosolo losonkha ngati la m'makampani. Akuluakulu anatsala m'dongosolo lakale, momwe boma limalipira ndalama ya nthawi imodzi, ija amati gratuity, ndi penshoni ya pamwezi powerengera zaka zomwe munthu watumikira ndi malipiro ake omaliza. Kwa gulu lakaleli, chaka chilichonse chomwe mwadula chimachepetsa zonse ziwiri, ndipo mukapuma kukwezedwa giredi kuli pafupi, mwataya kwa moyo wonse. Chinanso, ndalama yopumira imatha kutenga nthawi isanatuluke. Mphunzitsi kapena namwino amene akuganiza zopuma akhale ndi chodyera cha miyezi ingapo, ndipo aonetsetse kuti fayilo yake ili ndi kalata yolembedwera ntchito, makalata okwezedwera ndi tsiku lobadwa lofanana ndi la pa chiphaso cha unzika.

Ndiye kuti kupuma msanga n'kulakwa nthawi zonse?

Ayi. Ngati thupi likukana, moyo ndiwo woyamba, ndipo njira yopuma chifukwa cha matenda ilipo pa chifukwa chimenechi. Pitani kwa dokotala, zilembedwe, musangosiya mwakachetechete. Kupuma msanga kumamuyeneranso munthu amene nyumba yake yatha, ngongole za kubanki ndi za katapila anamaliza, mwana womaliza watsala pang'ono kumaliza sukulu, ndipo ali ndi china cholowetsa ndalama, kaya nyumba za lendi, munda wothirira kapena luso lomwe anthu amamufunira. Koma ngati chokuthamangitsani ndi kutopa kapena bwana wovuta, yesani kaye tchuthi chomwe munasunga, kapena pemphani kusamutsidwa. Mabwana amasinthidwa, pamene kalata yopuma ikavomerezedwa kubwerera n'kovuta.

Ndatsimikiza mtima. Ndichite chiyani ndisanalembe kalata?

Yambani ndi sitetimenti ya penshoni yanu kuchokera kwa oyendetsa thumba, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ena. Iyerekezeni ndi mapepala anu a malipiro mwezi ndi mwezi. Alipo olemba ntchito amene amadula ndalama pa malipiro koma osazitumiza, ndipo vuto limeneli ndi lalikulu m'dziko muno. Mukapeza miyezi yosoweka, ikonzedwe mukadali mkati, ndipo zikakanika kadandauleni ku Reserve Bank. Kulondola ndalama zotere mutatuluka kale pageti n'kotopetsa.

Kenako apempheni akulembereni nambala ziwiri: ya nthawi imodzi ndi ya pamwezi mutapuma chaka chino, komanso nambala zomwezo mutadikira mpaka zaka zanu zitakwana. Tengani ya pamwezi ija, mukhale pansi ndi akunyumba kwanu, muyese kukhala nayo miyezi itatu kapena inayi mukadali pantchito, malipiro otsalawo mukusunga. Ikakwana ufa, ndiwo, magetsi, madzi, mankhwala ndi fizi popanda kukongola, lembani kalata. Ikapanda kukwana, mwadziwa musanataye kanthu.

Pomaliza onaninso fomu ya anthu odzalandira ndalama zanu mutamwalira. Ndalama za penshoni sizigawidwa pamodzi ndi chuma china cha masiye, oyang'anira thumba amayang'ana fomu imeneyi. Ambiri anailemba tsiku loyamba ntchito ali mbeta kapena asanabereke, ndipo mpaka lero muli maina a makolo omwe anatisiya kale, ana obadwa pambuyo pake mulibe.